Gulo m'chitenje cha amayi

Okondedwa amalume,

Landirani moni wanga mwaulemu. Kuno ku Chawama tili bwino, kupatula bondo la amayi lomwe likuvutabe. Kaya inu ndi banja lonse ku Kateteko?

Kuntchito kwathu kosungira nyama zakutchire zinthu zaipa. Galimoto ilibe mafuta, ndipo anzanga ambiri awachotsa ntchito. Ine ndatsala chifukwa ndimazungulira m'masukulu ndi gulo, kuphunzitsa ana kuti salavula poizoni, asamamugende. Iye amakwera minibasi m'kabokosi, pomwe mkango sungatero.

Lolemba ndinabwera naye kunyumba kuti ndilawirire kusukulu. Alongo anuwa mukuwadziwa. Anati, "Ivo vinthu va mfiti vigone panja." M'mawa ndinamupeza atauma gwa ndi mphepo ya Juni. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira, poganiza kuti wafa ndipo ntchito yanga yathera pomwepo.

Amayi anamuyang'anitsitsa, kenako anamutola ndi manja awo, n'kumukulunga m'chitenje, n'kumufungatira pachifuwa. Anati, "Leka kulira iwe. Sanafe uyu, wamvera chabe mphepo. Kumunzi tenze kuwaona pamwala, alindira dzuwa." Patapita kanthawi gulo uja anayamba kugwedeza mutu. Tsiku limenelo ana anachita kulimbirana kuti amusisite.

Mukapeza wobwera kuno mutitumizireko nshawa ndi mankhwala aja a bondo. Za guloyu amayi musawafunse, amakana kuti sanamukhudze. Koma dzulo anandipatsa kabotolo ka ziwala, amvekere, "Upeleke kuli uja wodwala."

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mwana wanu,
Tisa