Munda wa Kuphiri Sindiupereka

Lolemba, 7 Okutobala

Ndabwerako ku Blantyre, chifuwa chosang'amba! Andijambula mitsempha ya mtima. Ikuluikulu ili bwino, sinatsekeke. Tovuta ndi timitsempha ting'onoting'ono, timafinyika ndikamakwera chitunda. Opaleshoni palibe. Mapilitsi atatu tsiku lililonse, ndi kena koika kunsi kwa lilime chifuwa chikagwira. Mchere pang'ono, mafuta pang'ono, kuyenda tsiku ndi tsiku. Ndaimba m'minibasi kuyambira pa Zalewa, manyazi ndawasiya kuchipatala.

Lachinayi, 10 Okutobala

Achimwene a Sosten abwera. Ati munda wa kuphiri, uja anandisiyira mayi, aupereka kwa ena chaka chino poti ine sindingakwereko. Ndati mvula isanagwe mundiona pamwamba. Aseka, koma tagwirizana: ndikafika ndi miyendo yanga, mundawo ndi wangabe.

Loweruka, 19 Okutobala

Odzazonda andipha ndi chikondi. A Esnart abwera ndi nkhumba yokazinga, a Estere zitumbuwa. Zoletsedwa zokhazokha. Kukana cha wozonda ndi chipongwe, ndiye ndimalandira ndi manja awiri, amuna anga a Lenard n'kumadya. Akunenepa ndi matenda anga.

Kuyenda nakonso nkhondo. Ndangofika pamjigo, Dickson wa njinga yamoto waima. Ati, "Amayi, odwala mtima sayenda pansi, kwerani ulere." Ndikanakana bwanji? Ndatsika pakhomo, ndathokoza, mumtima ndikupsa.

Lamulungu, 3 Novembala

Ndalengeza ndekha m'tchalitchi: wondikonda asandinyamule, aziyenda nane. Masana amayi asanu ali pakhomo. Mpaka pamlatho, miseche yokhayokha, kutalika sindinakuone. Pobwerera chifuwa chandigwira. Mantha ndachita, ndisaname. Kapilitsi kunsi kwa lilime, kukhala pamwala pang'ono, basi chasiya.

Lachinayi, 21 Novembala

Mitambo yada. Takwera m'mawa, kupuma kanayi. A Sosten patsogolo, kucheukacheuka ngati ndigwa. Pachitunda chomaliza amene akhala pansi ndi iwowo, wefuwefu, dzanja pachifuwa. Ndawagwira mkono, talowa limodzi m'munda mwanga. Ndalira ndi chimwemwe, osabisa.

Mpweya utabwerera anena motsitsa mawu, "Mlongo, ineyo chimenechi chandiyamba chaka chatha. Adokotala ako aja amapezeka liti?"

Lolemba ndiwaperekeza. Mbewu ndibzala tikabwerako.