Nyama zimene kompyuta ikuti zidzatha

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha koopsa, ndipo ndapsa mtima mpaka pano.

Ndinatenganso pagalimoto mayi wofufuza uja wa ku yunivesite, kupita nawo kudambo la ku Nkwali kukawerenga nyama. Akuti kompyuta yawo yaonetsa kuti nswala ndi zinzake zofiirira za m'dambo zija, nseula, sizingakhalire limodzi mpaka kalekale, popeza zimadya udzu umodzi. Akuti nseula zidzatha.

Ndinati, "Madamu, zimadyera pamodzi chilimwe chokha. Mvula ikagwa dambo limadzaza madzi, nswala zimakwera kumtunda kukadya masamba, nseula n'kutsala m'matope zikudya zokha."

Anaseka. "A Banda, umboni muli nawo? Inu muzingoyang'ana msewu."

Umboni! Ine ndinabadwira m'chigwa muno. Dzinja lililonse ndimaziona nseulazo ndili m'bwato, misewu itatsekeka. Iwo amabwera msewu ukauma, n'kuthawa mitambo ikangoyamba kuda. Dzinja lathu sanalionepo, koma akulemba za chaka chonse.

Loweruka ndiwaperekeza ku eyapoti ya Mfuwe, ndiwanyamulira zikwama, ndiwauza kuti ayende bwino. Koma nseulazo palibe amene waziuza kuti zikutha. Lero ndaona zitatu zili ndi bere.