Tonde wa ku Adam ndi Chigudumu cha ku Dubai

Salalah,
9 Januwale 2024

Okondedwa achimwene a Zahir,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino inu ndi alamu, ngakhale ndikumva kuti ku Canada kumeneko chisanu chafika poumitsa ndevu. Mudabwa kuona dzanja langa papepala pamene timalankhulana pafoni Lachisanu lililonse. Bambo ndiwo andiuza kuti ndilembe. Akuti pafoni mukafunsa kuti kuli nkhani yanji, tonse timayankha monga tinaleredwera, kuti kulibe nkhani koma mtendere, ndipo foni imatha tisananene kanthu. Ndakhala m'chipinda cha aphunzitsi ana ataweruka. Ndikamaliza ndijambula masambawa n'kukutumizirani, chifukwa positi ingachedwe.

Nkhani ilipo, achimwene. Maso a bambo akutha. La kumanzere linasiya kuona chaka chatha, ndipo la kumanja layamba kuchita chifunga. Kuti mumvetse, ganizirani galasi la galimoto m'nyengo yathu ya nkhungu: phiri mumaliona, nyali za mnzanu mumaziona, koma nkhope ya munthu kapena zolembedwa pachikwangwani ayi. Adotolo akonza opaleshoni kumayambiriro kwa Febuluwale. Anandiuza mosabisa kuti ikhoza kupulumutsa kuwala kotsalako, ikhozanso kukuchotsa. Bambo anatiletsa kuuza aliyense, inu ndi bambo aang'ono a Hamood omwe.

Tikuchokera kuchipatala ndinawafunsa ngati pali chimene angakonde kuona tsikulo lisanafike. Ndimaganiza kuti atchula Makka, kapena manda a mayi. Titadutsa minda ya kokonati, anati, "Chigudumu chija cha Azza."

Mwana wanga Azza ali ndi mnzake amene anapita kumalo a zisangalalo ku Dubai, ndipo kwa miyezi wakhala akutisokosa nazo. Kuli sitima zazing'ono zothamanga mozondoka, kuli nyumba imene mumagwa matalala dzuwa likuswa mtengo panja. Koma chimene chinakhala mumtima mwa bambo ndi chigudumu chachikulu choimirira, chotalika kuposa nsanja ya mzikiti uliwonse, chokhala ndi tizipinda tagalasi. Chimazungulira pang'onopang'ono moti khofi m'kapu sagwedezeka. Ukafika pamwamba, nyanja imakhala dzanja ili, mchenga wa m'chipululu dzanja ili, ndipo misewu imaoneka ngati ulusi wogwa pansi.

Ndinati, "Bambo, zimenezo n'za ana."

Iwo anati, "Shamsa, ndayendetsa malole m'dziko muno moyo wanga wonse. Dziko ndaliona kuchokera pampando wa lole basi. Ndikufuna ndilione kamodzi mmene amalionera kabawi. Zazikuluzikulu ndikuonabe."

Ndege anaikana. Akuti ndege imabisa dziko m'mitambo, ndipo msewu nawonso akufuna kuuona. Choncho tinayamba kukonza ulendo wa pagalimoto, kuchokera kunyanja yathu ino ya kummwera mpaka kunyanja ya kumpoto, dziko lonse m'litali mwake. Nthawi ndi yochepa. Sukulu zitseka kumapeto kwa mwezi uno, ndipo kudoko alamu anu a Talib awapatsa tchuthi chosakwana sabata. Kupita ndi masiku awiri, kubwera awiri, lotsala pakati ndilo la chigudumu. Tikabwerako, chipatala chikutidikira.

Mukanaona mmene nyumba yasinthira. A Talib anayala mapu pamkeka, bambo n'kumayendetsa chala pamene sakuona, akutchula malo pamtima: Thumrait, Muqshin, Haima. Ana anakhala kukamwa yasa pomva kuti kuli dera limene umayenda kuchokera m'mawa mpaka masana osaona mtengo, nthaka ili yosalala ngati thebulo, thambo n'kutsika mbali zonse mpaka kukhudza pansi. Ine ndimaphunzitsa zimenezi m'kalasi chaka chilichonse, ndimajambula pabolodi chifukwa chake msewu wotentha umaoneka ngati uli ndi madzi kutsogolo. Koma bambo atanena kuti m'mawa kumeneko ngamila zimaoneka ngati zikuyenda m'mwamba, miyendo yosakhudza nthaka, ndinapezeka ndikumvetsera ngati mmodzi wa anawo.

Mng'ono wake wa Azza, Hilal, anamva kuti pa sitima zozondoka amayeza msinkhu, ndiye amaima pachitseko m'mawa uliwonse atanyanyamphira. Bambo ake amamuuza kuti, "Iwe kamfupi, ukatisungira nsapato pansi." A Talib asintha matayala, agula chigubu china cha madzi. Ine ndakonza za khofi, zipatso za kanjedza ndi mikate. Ndipo bambo, amene chimwalirire mayi samatuluka kupatula popita kumzikiti, tsopano amakwera padenga madzulo aliwonse, dzanja lili paphewa la Azza, akuti akuzolowera kutalika. Amaima pamenepo atayang'ana kunyanja, mphepo ikukupiza mkanjo wawo. Ine ndimawayang'ana ndili pansi, osadziwa kuti ndiseke kapena nditani.

Tsopano imvani pamene zinasokonekera. A Talib anaimbira foni Saif, mwana wa bambo aang'ono, kungofunsa ngati msewu wa pa Adam, tauni ya kwawo kwa bambo kumene a Hamood amakhala, akuukonzabe. Madzi a tiyi asanawire, foni ya bambo inalira. Anali a Hamood, mawu awo omveka mpaka kukhitchini.

"Achimwene, ndikumva kuti mukufuna kudutsa pakhomo panga ngati katundu wa positi."

"Tiima, Hamood. Timwa khofi, tigona, m'mawa tipitirira."

"Khofi? Ndine wogulitsa petulo ine? Mwana wa mayi anga abwere kwawo patatha zaka zonsezi, anthu a pa Adam amve kuti ndamupatsa khofi? Mverani. Mukachoka pano musanadye nyama ya m'dzenje langa, Zuwaina si mkazi wanganso. Ndalumbira, ndipo amuna atatu ali pano andimva."

Inu mukudziwa kuti lumbiro lotere silibwezedwa ndi kuseka. Tikanyamuka osadya, ukwati wa mayi aang'ono a Zuwaina watha, pamaso pa mboni. Mukudziwanso mmene a Hamood amachitira zinthu: mbuzi siphedwa mlendo asanaione yamoyo, kuti adziwe kuti ndi yake, si yotsala paphwando la wina. Ikaphedwa, aipake zokometsera, aikulunge m'masamba a nthochi, aiike m'chikwatu cha kanjedza, aitsitsire pamakala m'dzenje n'kukwirira. Dzenje lawo satsegula masiku awiri asanathe. Akuti nyama yofulumira ndi ya anthu a m'tauni. Masiku awiri amenewo ndiwo analibe pochokera.

A Talib anayesa njira zonse. Anapempha kudoko kuti awaonjezere tchuthi, anakana. Anati tidzere msewu wa m'mbali mwa nyanja kuti tisaione n'komwe Adam. Bambo anati, "Ukufuna ndizembe mng'ono wanga ngati wakuba?" Ine ndinati tingowauza a Hamood zoona, amvetsa. Bambo anati, "Ndipite kwathu kukalandiridwa ngati maliro? Ayi."

Mayi aang'ono anandiimbira okha mawa lake. Anati, "Mwana wanga, nkhalamba imeneyi yandisudzula kale pakamwa chifukwa cha mbuzi, chifukwa cha mpunga, tsiku lina chifukwa cha chivwende. Ukwati wanga umakhala pachingwe limodzi ndi ziweto. Koma bwerani mudzadye, chonde, kwa abale anga kulibe chipinda chondikwana." Tinaseka tonse awiri. Lilime linandiyabwa kuti ndiwauze za maso, koma mawu a bambo anandimanga.

Loweruka atatsika padenga, bambo anatiitana. Anati, "Tipita ku Adam, tikhala mpaka dzenje litsegulidwe, kenako tibwerera. Ana adzapita ku Dubai chaka china, maso awo ndi atsopano." Azza anayamba kulira. Iwo anamusisita mutu nati, "Chigudumu ndi chitsulo, mdzukulu wanga. Agogo ako a Zuwaina ndi munthu." Ananena mofatsa, ngati akunena za nyengo. Achimwene, ine ndawerenga mabuku ambiri, koma sindinaonepo munthu akutula pansi chinthu chimene akuchifuna chotero, popanda ngakhale kuusa moyo. Lamulungu sanakwere padenga.

Dzulo masana a Hamood anaimbanso, ulendo uno pafoni yoonana nkhope, chifukwa Saif wawaphunzitsa. Anali kukhola, akupumira m'mwamba, atagwira tonde panyanga. Ine ndinagwirizira foni patsogolo pa bambo.

"Achimwene, tamuonani mnyamata wanuyu. Ndamudyetsa kanjedza ngati mkwati. Mukuti bwanji?"

Bambo anayandikiza nkhope, natsinzinira diso. Anati, "Wanenepa. Wakuda bwino ngati uja bambo anapha pa ukwati wako."

Tondeyo anali woyera ngati mkaka, achimwene. Analibe ndi banga lomwe.

A Hamood anayamba kuseka, akuganiza kuti ndi nthabwala, koma kusekako kunathera panjira. Anasiya nyanga, mbuzi n'kuthawa. Ndinaona nkhope yawo ikuyandikira mpaka inadzaza galasi lonse, akuyang'anitsitsa mkulu wawo.

"Achimwene, kuli nkhani yanji kumeneko?"

"Kulibe nkhani, koma mtendere."

"Ndafunsa, kuli nkhani yanji?"

"Mtendere wokhawokha, Hamood."

"Khalfan," anatero, ndipo m'moyo wanga ndinali ndisanamvepo akuwatchula dzina, "ndikufunsa kachitatu."

Pamenepo bambo anafotokoza zonse, diso la kumanzere, chifunga, tsiku la opaleshoni, ndi chigudumu chomwe. Sanawonjeze, sanachotse. Kumbali inayo kunkangomveka mbuzi zikulira. Amene anayamba kulankhula anali mayi aang'ono, amene anaima kumbuyo nthawi yonseyo.

"Wamva, nkhalamba iwe? Munthu akuthamangitsana ndi mdima, iwe uli pa mbuzi."

"Khala chete, mkazi, ndikuganiza."

"Yamba lero, tione."

A Hamood anapukuta kumaso ndi nsonga ya nduwira yawo. Anati, "Mbuzi ndakuonetsani, ndi yanu. Kaya mwaiona yakuda kaya yoyera, ndi yanu. Ndiipha inu musananyamuke ku Salalah. Mukamafika dzenje lidzakhala litapsa, tidzafukula inu muli pomwepo. Mudzadya, mudzagona, m'mawa tidzapita."

Bambo anati, "Anthu adzati Hamood wapatsa mkulu wake nyama yophikiratu."

"Anthu adzadya nawo, pakamwa padzakhala podzaza. Ndipo ndati tidzapita. Mukuganiza kuti ndingakusiyeni mukwere chinthu chimenecho ndi Talib? Talib amaopa ndi makwerero omwe."

A Talib ali pakhomo anati, "Ndamva, bambo."

Simungadziwe kukula kwa chimene a Hamood achita ngati mwaiwala mmene alili. Munthu amene sanasinthepo ngakhale mbali imene amakhala pamkeka, wasiya mwambo wa dzenje lake mwa kamphindi, pamaso pa mkazi wake. Mayi aang'ono nawonso akuti akubwera, akuti popeza ukwati wawo ndi umene unali pachikole, ayenera kuona chimene anatsala pang'ono kusudzulidwira. Saif ayendetsa galimoto yachiwiri. Tsopano tikufufuza mapasipoti a nkhalamba ziwiri za ku Adam kuti tisakavutike pamalire, ndipo a Hamood afunsa kale ngati m'kachipinda kagalasi amalola kulowa ndi khofi.

Madzulo a dzulo lomwelo bambo anakweranso padenga. Potsika anandiitana nati, "Hamood wadziwa. Si bwino kuti mwana wanga amve kwa anthu. Mulembere."

Ndiye ndalemba. Ndikudziwa kuti ntchito yanu siilola munthu kungonyamuka, ndipo sindikukuimbani mlandu pa zaka zimene simunabwere, mwatisamala m'njira zambiri. Koma ndikupempha, achimwene. Sikofunika kuti mufike ku Salalah. Kuchokera ku Canada ndege zimatera ku Dubai, ndipo ife tidzakhala kumeneko Lachinayi lomaliza la mwezi uno, sukulu zitatseka, Mulungu akalola. Ndafufuza, kachipinda kamodzi kamakwana tonse. Ngati mubwera, muvale choyera kapena chowala, ndipo mukafika musaime patali n'kudikira kuti akuzindikireni. Mufike pafupi kwambiri, mbali ya kumanja, pamene pali kuwala. Akayandikiza nkhope yawo pa yanu, musasunthe, muwapatse nthawi.

A Talib akupereka moni. Azza akuti mumubweretsere matalala a kumeneko m'botolo, ndamufotokozera chifukwa chake sizingatheke koma sakukhulupirira. Hilal akuti wakula. Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti lubani amene anapempha ndamusunga.

Ndabwera nayo kunyumba kalatayi kuti ndiwawerengere bambo ndisanatumize. Amvetsera yonse osandidula, kupatula kunena kuti tondeyo ayenera kuti anali pamthunzi. Ndawafunsa ngati pali mawu oti ndiwonjezere. Akana, angopempha cholembera. Dzina lanu limene mukuliona m'munsimu, lodzaza theka la tsamba ndi lotsetsereka pamzere, alemba okha.

Ine mlongo wanu wokukondani,

Shamsa