Nsapato Zikhale Patsogolo

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA GULU LA ALEMBI A NTHANO

Tsiku: Loweruka, 9 Ogasiti
Malo: Kachipinda ka kuseri kwa makina osindikizira mabuku, pamipando itatu ndi chitini cha inki
Analipo: Wapampando (amenenso ndi mkonzi wa buku lathu), Anamwino, Amakanika, Mlembi
Opepesa: Abusa (akuti chimfine)

1. Kutsegula
Poti Abusa kunalibe, Amakanika anapemphera mothamanga ngati asiya galimoto ikulira panja.

2. Nthano ya Anamwino
Anamwino anadandaula kuti nthano yawo, yomwe isindikizidwe Lolemba, yagwiridwa popanda chilolezo. Iwo anayamba motere: "Nsapato anazisiya pakhomo, mwamuna wangayo." Wapampando anasintha kuti: "Mwamuna wanga anasiya nsapato pakhomo."

Wapampando anati munthu amayamba ndiye, katundu pambuyo, ndipo si ulemu kulonjera owerenga ndi fungo la nsapato.

Anamwino anati m'mawa umene mwamunayo anachoka pakhomo iwo anaona nsapato, munthu sanamuone ayi. Owerenga nawonso ayambe aona nsapatozo, mtima uwagunde, mwini wake atulukire kumapeto. Anati mawuwo akapanda kubwerera m'malo mwake, nthanoyo aichotsa m'buku, ngakhale ndi yoyamba pamoyo wawo kusindikizidwa.

Amakanika anafunsa chimene chikuwapweteka Wapampando pa munthu wa m'nthano chabe. (Kwa mamembala atsopano: Wapampando ndi Anamwino kale anali pabanja. Mlembi sawonjezerapo kanthu.)

Wapampando anati zimenezo sizikugwirizana, nthano ndi nthano basi, komanso nsapatozo zinali zothina.

Anamwino anayankha, ndipo anapempha kuti zilembedwe ndendende: "Bambo a ana, zaka zonse zija mumafika pakhomo omaliza. Lero m'chiganizo changa mufune kukhala oyamba? Aaa, manyazi bwanji!"

Anavota. Atatu anati nsapato zitsogole. Wapampando anakweza manja awiri, koma linawerengedwa limodzi.

Chigamulo: mwamunayo abwerere kumapeto.

3. Zina ndi zina
Wapampando anafunsa, motsitsa mawu, ngati nsapato zija zilipobe. Anamwino anati zili pakhomo pomwe anazisiyapo, amazipukuta Loweruka lililonse, ndipo satumiza mwana. Mwini wake akazitenge yekha. Wapampando anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

4. Kutseka
Msonkhano wotsatira ndi Loweruka la mawa, malo omwewa. Wina abweretse mpando wachinayi. Tinabalalika 4 koloko madzulo. Awiriwo anatulukira khomo limodzi, Anamwino patsogolo.

Mlembi: ______________

Wapampando (kumapeto, potsatira chigamulo): ______________