Bokosi la Aperisi

Loweruka, mwezi wa Juni, ku komboni ya Makokoba. Kwazizira, ndipo mtima ukundiwawa.

Mzungu amene ndinkagwira naye ntchito ku njanji wasamukira ku Joni lero, ngati anzake ambiri chilandirireni ufulu. Zaka zinayi takhala tikumenyanitsa tiasilikali tamtovu patebulo lake, iye Amakedoniya, ine Aperisi. Aperisiwo ndinawapenta ndekha, mpaka ndevu zawo. Ankati, "Phiri, ndikamadzachoka, awa ndi ako."

Pasiteshoni wandipatsa bokosi lomanga ndi chingwe. Ndalinyamula ngati khanda mpaka kunyumba, amake Rute n'kuitana ana kuti adzaone. Titatsegula, tapeza timapiri tamatabwa ta pamasewera athu aja ndi madayisi awiri ochitira maere. Msilikali ngakhale mmodzi mulibe.

Nanga nkhondo zonse zija ndinkagonja dala kuti asakwiye, ndinkagonjeranji?