Phillip Sakupita ku Zambia

Mkanda, Mchinji

Okondedwa achimwene a Zakeyu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno amayi miyendo ikuwavutabe, koma akuyenda. Mvula sinayambe, anthu ali kalikiliki kusosa.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni munandikalipira osandipatsa mpata, ndipo mukudziwa kuti ine pakamwa mpolemera. Ndakwiya, achimwene. Muwerenge mpaka kumapeto.

Chibwerereni mng'ono wanu Phillip kuchokera ku Dambe, ukwati wake utatha, simunamuone. Munda umene analima zaka zonse zija ndi wakuchikamwini, ana anatsala kwa mayi awo. Iye anabwera ndi njinga ndi thumba la mtedza wa mbewu basi.

Sabata yatha mtedzawo anapatsa azakhali, njinga anapatsa Mateyo, mwana wa amalume. Kenako anayenda khomo ndi khomo kutsanzika, ati akupita kukagwira ntchito ku mafamu a ku Zambia. Kuno ndani angadabwe? Amuna amapita chaka ndi chaka. Azakhali anamutuma moni kwa abale a ku Chipata, amalume anamuyamikira kuti wayamba kuganiza ngati mwamuna.

Nanenso ndikanamutuma moni. Koma mwezi watha a zaumoyo anatiphunzitsa ife aphunzitsi, mavolontiya ndi akuluakulu a mipingo ndi mizikiti za kuzindikira munthu amene akuganiza zodzipha. Namwino wotiphunzitsayo anati munthu akayamba kugawa zinthu zimene amadalira, uku akutsanzika, tizimufunsa mosazungulira. Anati kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumangomutsegula pakamwa.

Tsono ndinayamba kudzifunsa. Ndi mlimi uti amagawa mbewu mvula ili pafupi? Wopita ku mafamu amasiya njinga? Nditafunsa dzina la mwini famuyo, Phillip sanalitchule. Chikwama sanalongedze.

Ndinazengereza. Ndinkaopa kuti mwina ndikungoona za m'kalasi paliponse, monga mumanenera inu. Komabe masana ena ndinakhala naye pakhonde n'kumufunsa ngati akuganiza zodzipha. Anavomera. Anati watopa kukhala mtolo pakhomo pa amayi, ndipo chiyambireni kutsanzika, aliyense amangomufunsa tsiku lonyamuka.

Amalume atamva anati ndalaula, imfa satchula pamaso pa wamoyo. Iwowo ndingawamvetse. Koma inu? Ndinakuuzani yankho lake lenileni, inu n'kunena kuti digiri yandizunguza mutu, mwamuna salira, Phillip akungofuna kunyengereredwa. Munafika ponena kuti mupempha mnzanu wa thiraki akamutule pa boda. Munthu wanena ndi pakamwa pake kuti kulibe famu imene akupita, inu mukumufunira galimoto!

Mankhwala a m'munda ndawachotsa m'nyumba. Ndinapita naye kuchipatala, anacheza ndi mlangizi, ndipo apitanso Lachisanu. Sitikumusiya yekha. Ngati zonsezi ndikuchita bwino sindikudziwa, ndipo mantha sakundichoka. Koma m'mawa ndimapita kusukulu, amayi ndi okalamba. Ndiponso amene Phillip akumudikira si ine. Anandifunsa ngati inu mwamva, ndi kuti mwati chiyani. Ndinangoti ndikulemberani. Zimene munanena pa foni ndamubisira, koma sindingabise mpaka kale.

Bwerani Loweruka. Musabwere ndi malangizo, ndipo musaitanitse abale kuti amukhazike pakati n'kumamuweruza. Mukatenge njinga kwa Mateyo. Ine wandikaniza, ati chopatsidwa sabweza, koma inu sangakukanizeni. Muikankhe mpaka pakhomo, mumuuze mng'ono wanu kuti aifunabe. Munda wanu wa kudambo wangomera tchire. Mudulireni gawo adzalemo mtedza. Mukatero mukhale naye pansi, mumvetsere. Pakamwa panu mupatseke ngati mmene munatsekera panga.

Ngati simubwera, mundiuze choti ndimuyankhe. Minibasi ikangoima pamsewu Phillip amadzuka kukasuzumira, ndipo akabwerera amandiyang'ana ine.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti Mulungu akusungeni panjira. Iwo sakukayika kuti mubwera.

Ndine mlongo wanu,
Imelda