Chithunzi cha Mayi Chimene Sindinajambule

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira. Kuno ku Makhuwira tilipo, kungoti pakhomo pazizira chichokereni Mayi.

Pali chimene sindinakuuzeni pamaliro. Lamlungu lawo lomaliza anavala chitenje munawatumizira chija, nakhala patsinde pa mtengo wa masawu. "Ndijambule, mkulu wako aone mmene chandikhalira," anatero. Kamera yanga ija, yomwe inalowa madzi pa chigumula, inakana kuyaka. Ndinati, "Mawa, Mayi." Mawa lakelo tinathamangira nawo kuchipatala.

Munkandiuza kuti ndigule yatsopano, ine n'kumakakamira yakaleyi. Dzulo ndinamanga mbuzi kuti ndikagulitse ndigule ina, kenako ndinaimasula. Ndikajambula ndani?

Ngati muli ndi chithunzi chawo m'foni mwanu, chonde nditumizireni. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Zuze